Kambalame kokana kufa: kucokela ku Kasisi mpaka m'kalasi

Ciwelu cina m'mwezi wa June, kuli mphepo ija yolowa mpaka m'mafupa, tinasimba nthano ya kambalame pa pulogilamu ya ana. Ambili a inu mumaidziwa, cinkana maina a anthu ake amasintha kulingana ndi kumene ambuya anu anacokela. Anthu awili anyamuka kukasakila cuma kutali. Wina asunga, wina adya zonse. Pobwelela kumudzi, uja wabwela cimanjamanja apha mnzake m'thengo namlanda katundu. Asanapite patali, pamtengo patela kambalame, ndipo kayamba kuimba zonse zimene kaona. Akagenda ndi mwala, kafa. Ayenda pang'ono, kali patsogolo, kaimba. Akaocha, phulusa aponya mumtsinje, koma pofika pamudzi apeza kali kale padenga, anthu aunjikana kumvetsela.

Tisanazime maikolofoni n'komwe, foni inayamba kulila. Amai ena a ku Kanakantapa anati, "Imwe ba pa wailesi, nthano za kupayana m'mawa-mawa so? Bana bazayamba kulota." Aphunzitsi ena a giledi 4 anatumiza uthenga wakuti amaisewenzetsa caka ndi caka, ana amaikonda, koma pamene pali kupha amalumphapo, amangoti mnzakeyo anasowa. Mnyamata wina pa WhatsApp analemba kuti kambalameko n'kakazitape, kanafunika kuphunzila kusunga pakamwa, ndipo anzake anamuseka. Omaliza kuimba foni anali acikulile ena a kufupi ndi Chalimbana. Iwo sanadandaule za magazi. Anati, "Ana anga, mwasimba bwino, koma nyimbo mwaisiya kuti? Mwaiwelenga monga uthenga wa malilo."

Anakamba zoona. Tinali ndi pepala lofotokopa limene linali ndi mau a nyimbo, koma palibe mwa ife amene anali kudziwa maimbidwe ake, conco tinangowawelenga. Manyazi a tsiku limenelo ndi amene anatituma kufufuza kumene nthanoyi yadutsa kuti ifike papepala lathu ili yosalankhula conco. Tinadabwa kupeza kuti mbili yake yolembedwa siyambila kutali ndi kwathu.

Mukapita ca ku bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda n'kupitilila, mufika ku Kasisi, m'boma lathu lomwe lino la Chongwe. Ambili timakudziwa cifukwa ca sukulu ya atsikana, nyumba yolelela ana amasiye ndi malo ophunzitsila ulimi. Mishoni imeneyi inayamba mu 1905, caka cimene Lusaka inali cabe poima sitima m'mbali mwa njanji. Anaiyambitsa ndi Bambo Jules Torrend, wansembe wa ciJesuit wocokela ku France, amene anali atagwilako kale nchito m'cigwa ca Zambezi ku Mozambique. Munthuyu anali ndi njala ya zinenelo. Mu 1891 anali atatulutsa kale buku lalikulu loyelekezela malamulo a zinenelo za anthu akuda a kum'mwela kwa Africa, ndipo mu 1931 anatulutsa dikishonale ya zinenelo zimene amati Bantu Botatwe, gulu la Citonga, Ciila ndi Cilenje, kumene Cisoli naco cimawelengedwa.

Buku limene litikhudza pano ndi la mu 1921, Specimens of Bantu Folk-Lore from Northern Rhodesia, losindikizidwa ku London. Pa tsamba la mutu wake analembapo kuti nthanozo anazisonkhanitsa mothandizidwa ndi phonograph. Aka kanali kamakina kopanda magetsi kapena mabatile. Woimba anali kuyandikiza pakamwa pa cimphalasa cooneka monga lipenga, mau anali kugwedeza kansingano, ndipo kansinganoko kanali kukanda mizela pa kamgolo ka phula kozungulila. Kamgolo kamodzi kanali kusunga mphindi ziwili, kabwino kwambili zinai. Ganizilani ambuya a munthu wina atagwada patsogolo pa cinthu cotele, akuuzidwa kuti aimbe mokweza, kenako n'kumva mau ao omwe akutuluka m'lipengamo. Cimene tifuna kuti muone n'cakuti munthu wodziwa kulemba mofulumila safunika makina kuti asunge mau a nthano. Colembela cikwanila. Makina afunika pa cinthu cimene colembela cilephela kugwila, ndico nyimbo ndi kuvomela kwa gulu.

M'bukumo muli nthano za Atonga ndi za Bene Mukuni, anansi athu amene timati Alenje. Pakati pa za Bene Mukuniwo pali kambalame kathu. Kumeneko wophedwa ndi mnyamata wa ku banja lacifumu amene anapita kumalonda ndi anzake, napindula kuposa onse. Anzakewo amupha cifukwa ca nsanje, iye asanduka kambalame, ndipo ngakhale akaphe kangati, kabwela ndithu mpaka kufika kumudzi kumene acibale ake amva nyimboyo. Mapeto a opha aja ndi imfa, nthanoyo sibisa. Nthano ya cuma ca malonda siinali yacilendo m'dziko lino, pakuti amalonda a Cikunda ocokela ku Zumbo ndi Feira, kumene lelo timati Luangwa, anali kukwela kufika kuno kudzasinthanitsa nsalu ndi mikanda ndi minyanga ya njovu, ndipo Asoli anali odziwika pa kusula citsulo. Anthu anali kudziwa bwino kuti m'njila yaitali munthu amene muyenela kumuopa ndi amene mukudya naye m'mbale imodzi.

Kucokela m'buku la Bambo Torrend, nthanoyi inaoloka nyanja. Paul Radin anaitenga n'kuiika m'buku lake la nthano za mu Africa limene linatuluka ku America mu 1952. Conco mwana wa ku New York anali wokhoza kuipeza m'laibulale, pamene mwana wa ku Kasisi sanali kuiona m'buku lililonse la citundu ca kwao. Tingopatukako pang'ono: a ku Germany naonso ali nayo yao. M'nthano za abale awili a Grimm za mu 1812 muli ya munthu amene anapha mbale wake, ndipo patapita zaka m'busa anasema coika pakamwa ca lipenga lake ku fupa la wophedwayo, fupalo n'kuyamba kuimba cinsinsi. Amene amati nthano zathu n'zoopsa kwambili kwa ana akawelenge za Azungu zisanatsukidwe.

Nanga zinatheka bwanji kuti ife a ku Chongwe tiisimbe m'Cinyanja? Apa ndi pamene sukulu ilowa m'nkhani. Pambuyo pa ulendo wa bungwe la Phelps-Stokes mu 1924, boma la atsamunda linavomeleza kuti ana ayambe kuphunzila m'cinenelo ca anthu akuda, ndipo cakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 linasankha zinai cabe: Cibemba, Cinyanja, Citonga ndi Silozi. Cisoli ndi Cilenje zinatsala panja. Mu 1935 likulu linasamuka ku Livingstone kubwela ku Lusaka, ndipo linabwela ndi apolisi, asilikali, akalaliki ndi anchito ambili ocokela kum'mawa ndi ku Nyasaland. Cinyanja cinali cinenelo ca upolisi ndi usilikali, conco cinazika mizu m'tauni n'kuyamba kuyenda ndi mseu wa Great East. Mu 1939 sukulu ya aphunzitsi a Jeanes inasamuka ku Mazabuka kubwela ku Chalimbana, pamene lelo pali yunivesiti. Aphunzitsi a Jeanes anali kuphunzila pamodzi ndi akazi ao, akatsiliza n'kumayendela masukulu a m'midzi kuthandiza anzao kaphunzitsidwe. Kwa zaka zambili, zimene mphunzitsi wa m'dziko lino anali kuyesa kuti ndiko kuphunzitsa bwino zinali kucokela kuno kwathu.

Mabuku oti ana awelenge anali kucokela makamaka ku bungwe losindikiza la Northern Rhodesia ndi Nyasaland, limene linakhazikitsidwa mu 1948. N'cifukwa cake mabuku ambili a Cinyanja amene makolo athu anawelenga analembedwa ndi anthu a ku Malawi, monga a Samuel Ntara a buku la Nthondo. Kambalame nako kanapeza cisa kumeneko. M'zaka za m'ma 1960, a John Gwengwe, amene analembanso Kukula ndi Mwambo, anatulutsa Sikusinja ndi Gwenembe, ndipo ana a sukulu a ku Malawi analiwelenga mibadwo ingapo. Mukafunsa munthu wacikulile wa ku Lilongwe kapena ku Mchinji, maina awiliwa amuseketsa ndi kumukumbutsa mphunzitsi wake. M'buku limeneli ophana aja ndi abale, ndipo cuma n'cimene anakagwilila nchito kutali. Nthano inasintha malaya kulingana ndi nyengo. Imeneyo inali nthawi imene amuna anali kupita ku Salisbury, ku Wankie, ku Joni ndi ku migodi ya kopa, ena n'kubwela ndi njinga, mabulangeti ndi sutukesi, ena n'kubwela ndi nsapato zakutha, ena osabwela konse. Mai amene mwana wake sanabwele anali kumva nthanoyi mosiyana ndi mmene timaimvela ife.

Buku linacita nchito yaikulu, tisalinyoze. Popanda ilo, ambili a m'tauni sitikanaidziwa nthanoyi n'komwe. Koma pepala silidziwa kuimba. Mwana wa kumudzi wa m'ma 1960 akaona mau a nyimbo m'buku, maimbidwe anali kale m'mutu mwake, anawamva kwa ambuya. Buku linali kungomukumbutsa. Mdzukulu wake wa ku Kaunda Square kapena ku Mtendere akaona mau omwewo, aona cabe mizela yobwelezabweleza, ndipo diso lake lilumpha kupita pamene nkhani ipitiliza. Ndi mmene tinacitila ifenso pa Ciwelu cija.

Kenako kunabwela lamulo la maphunzilo la mu 1966, a John Mwanakatwe ali nduna. Cizungu cinakhala cinenelo cophunzitsila kuyambila giledi 1. Zifukwa zake zinali zomveka pa nthawiyo: dziko linali latsopano, mitundu yambili, ndipo mphunzitsi wa ku Mongu anali kutumizidwa ku Chipata. Cinyanja cinatsala monga phunzilo limodzi pakati pa ambili, ndipo nthawi zambili linali phunzilo limene aphunzitsi anali kulanda nthawi yake kuti atsilize masamu. Ena a ife tikumbukila masukulu kumene mwana wogwidwa akukamba citundu anali kulembedwa dzina n'kupatsidwa khasu. Lipoti la kukonzanso maphunzilo la mu 1977 linavomeleza kuti mwana amaphunzila bwino m'cinenelo cake, koma linasiya Cizungu pamalo pake.

Pamene kalasi inali kutseka citseko, wailesi inatsegula zenela, ndipo pano tilolezeni tidzitameko pang'ono ife a nchito imeneyi. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, pa Radio Zambia panali pulogilamu ya Poceza m'Madzulo ya a Julius Chongo. Munthu mmodzi yekha pa maikolofoni anali kukhala mfumu, nkhalamba, mtsikana, fisi ndi kalulu, kusintha mau uku akupanga phokoso la mapazi ndi la citseko ndi pakamwa pomwepo. Anali kutenga nthano zakale n'kuziveka za m'tauni, nthawi zina n'kupeka zaozao. Funsani atate anu mmene mabanja anali kuunjikilana pa wailesi imodzi, mabatile atawaika padzuwa masana kuti akapeze mphamvu. Nchito ya a Chongo inapulumuka cifukwa ca a Ernst Wendland, pa nthawiyo mphunzitsi pa seminale ya Lutheran ku Chelston, amene anaiphunzila mozama mpaka kulemba nayo digili ya udokotala ku University of Wisconsin mu 1979, ndipo mu 2004 UNZA Press inasindikiza ena mwa maseŵelo amenewo m'Cinyanja ndi m'Cizungu. Komabe ngakhale a Chongo, ndi luso lao lonse, anali okha m'situdiyo. Wailesi inabweza mau a wosimba, koma gulu lovomela linali kutali, aliyense m'nyumba mwake.

Cinenelo ca kwathu cinabwelela m'kalasi pang'onopang'ono. Ndondomeko ya Educating Our Future ya mu 1996 inatsegula njila, ndipo kuyambila mu 1999 kunabwela Primary Reading Programme ndi New Breakthrough to Literacy, mmene ana a giledi 1 anali kuyamba kuwelenga m'cinenelo ca m'dela lao, kupanga ziganizo ndi timakadi ta mau. Ambili a msinkhu wathu tinaiphonya, azing'ono athu ndi amene anaipeza. Mu 2014 boma linakulitsa: giledi 1 mpaka 4, maphunzilo onse m'cimodzi ca zinenelo zisanu ndi ziwili, Cibemba, Cinyanja, Citonga, Silozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Cigao ca Lusaka cinapatsidwa Cinyanja.

Kwa ife a ku Chongwe nkhaniyi inali ndi minga. Lino ndi dziko la Asoli, la Amfumu aakulu a Nkomeshya Mukamambo II, kumene caka ciliconse anthu amasonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mvula. Mwana wa kumudzi amene ambuya ake amam'simbila m'Cisoli anafika m'kalasi n'kuuzidwa kuti cinenelo ca kwao ndi Cinyanja, ndipo Cinyanja cake ca m'buku, cimene ngakhale mwana wa ku Kalingalinga amacimva theka. Akuluakulu a Cisoli akhala akudandaula za ici, ndipo ife sitiona colakwa m'dandaulo lao, cinkana tikulemba m'Cinyanja comweco. Ndondomeko yatsopano ya mu 2023, imene inayamba kugwila nchito mu 2025, yabwezanso Cizungu patsogolo monga cinenelo cophunzitsila, zinenelo zathu n'kutsala zothandizila kumasulila ndi phunzilo lapadela. Tazungulila mtunda wautali kuti tifike pafupi ndi 1966.

Tsopano tiloŵe m'kalasi mwenimweni. Tinapempha kukakhala kumbuyo pa sukulu ina pamene aphunzitsi anali kusewenzetsa nthanoyi. Sitichula dzina, ndipo sitiwaimba mlandu. Cicokeleni pamene maphunzilo anakhala aulele mu 2022, makalasi adzala mpaka ana ena akhala pansi, ndipo kalasi yoyandikana nayo imamva ciliconse cimene cicitika. Aphunzitsiwo anawelenga nthano bwino ndithu. Atafika panyimbo anati, "Apa kambalame kanaimba," n'kupitiliza. Pambuyo pake analemba mafunso pabolodi. Ndani anapita paulendo? Kambalame kanatela pati? Pezani maina asanu ndi aneni asanu. Lomaliza linali lija timalidziwa tonse: tiphunzilapo ciani? Manja anakwela, ndipo yankho linali limodzi, lakuti nsanje ndi yoipa. Colembela cofiila cinacita nchito yake, belu n'kulila.

Nsanje ndi yoipadi, palibe wotsutsa. Koma tikhulupilila kuti yankho limeneli limaika mwana pamalo olakwika. Limam'funsa kuti asakhale Gwenembe, pamene ana ambili a giledi 4 alibe maganizo opha munthu. Pamoto madzulo, mwana anali kupatsidwa malo ena. Ambuya akati "Panangokhala," ana anali kuyankha "Tili tonse," ndipo kucokela pamenepo sanalinso oonelela. Nyimbo ikafika, ambuya anali kutsogolela, ana n'kuvomela. Nyimboyo ndi ya kambalame. Ndiye kuti nthawi iliyonse imene wakupha aphwanya kambalame, amene anali kukaukitsa ndi anawo, ndi pakamwa pao. Kacitatu, kacinai, mau akukwela, ena akuomba m'manja. Mwana anali kuyeseza, mobwelezabweleza ndi pakati pa anzake, kukhala kanthu kakang'ono kamene kaona coipa ca munthu wamkulu ndipo kakana kukhala cete.

N'cifukwa cake sitigwilizana ndi aphunzitsi aja amene amalumpha pakupha. Tikumvetsa mtima wao, koma mukacotsa mlandu, kambalame katsala kopanda coimba. Ndipo ana athu amaona zinthu. Amaona amalume amene amalowa m'cipinda usiku, amaona amai akumenyedwa, amaona mnzao wa giledi 7 akutengedwa kukakwatiwa, ndipo ciphunzitso cimene amalandila kawilikawili n'cakuti za m'nyumba sizituluka panja. Timawauza pa wailesi kuti pali nambala yaulele ya 116 imene mwana angaimbe akakhala pamavuto. Nambala n'njosavuta kuloweza. Covuta ndi mtima wakuti ine, wamng'ono conco, ndingakambe ndipo akulu angandimve. Mnyamata uja wa pa WhatsApp amene anati kambalame n'kakazitape anaonetsa bwino cimene mseu umaphunzitsa. Makolo athu anali ndi yankho lake, ndipo anali kulipeleka mwa nyimbo, mwana asanakule kufika pomva manyazi.

Za mantha amene amai a ku Kanakantapa anachula, sitinganame kuti kulibe. Nafenso tinali kuopa kupita panja usiku titamva nthano zina. Koma mantha a mwana amene akuimba pakati pa abale ake, atatsamila mwendo wa ambuya, amasiyana ndi a mwana amene akumva yekha mau akutuluka m'wailesi, amake ali kumunda. Pamenepa amaiwo anatigwila pabwino. Akuluakulu anali kuletsa kusimba nthano masana, ndipo kaya cifukwa cimene anali kupeleka cinali cotani, zotsatila zake zinali zakuti nthano inali kubwela pamene onse ali pamodzi.

Patapita masabata awili tinakwela njinga kupita kwa acikulile aja a ku Chalimbana. Iwo anati mau ao anatha, koma anaitana alongo ao, amene poyamba anakana, akuti za ana izo. Titakhala pang'ono, tikukazinga nshawa, anayamba okha. Anaisimba m'Cisoli, ndipo wophedwa mwa iwo sanali wamalonda kapena wobwela ku migodi, anali mtsikana amene anzake anam'citila nsanje. Tinajambula pa foni. Adzukulu ao atatu, amene pakati pao amakamba Cinyanja ca m'tauni, anaima patali akuseka. Nyimbo itabwela kaciwili, wamng'ono anayamba kung'ung'udza. Pa kacitatu onse anali kuvomela, mau ena akuwaphonya, ambuya ao akuwakonza ndi cala osaleka kuimba.

Ciwelu cotsatila tinaiulutsa mmene inalili, osamasulila mpaka itatha. Aphunzitsi awili anapempha kuti tiwatumizile pa WhatsApp kuti akaiseŵeze m'kalasi, mmodzi anati adzatulutsa ana panja pansi pa mtengo kuti asasokoneze anzao. Wina anafunsa ngati tili ndi mau ake olembedwa, ndipo tinazindikila kuti pakati pathu palibe amene anaphunzilapo kulemba Cisoli. Tikali kufunafuna wotithandiza.

Amai a ku Kanakantapa anaimbanso foni. Anati nyimboyo aikumbukila, amai ao anali kuimba yofanana nayo, koma maganizo ao sanasinthe: nthano yotele si ya m'mawa, tiisamutsile madzulo. Tapeleka pempho lao kwa okonza ndandanda ya mapulogilamu. Nthawi ya madzulo pakali pano ili ndi mpila ndi mauthenga a malilo, conco tikali kuyembekeza.